Bango Lomwe Linatsala Kuseri kwa Chitseko

Ababa anga anali munthu wamtali mosowetsa mtendere. Pazithunzi za maukwati mutu wawo umapezeka utadulidwa, ndipo m'tchalitchi palibe ankafuna kukhala kumbuyo kwawo. Ukalipentala anauphunzira ku Malawi, zaka zomwe tinathawira nkhondo kutsidya kwa malire, cha ku Dedza. Kumeneko thabwa amaliyeza m'mainchi ndi m'mafiti. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Domwe, iwo atanyamula sowo, puleni ndi mutu wodzaza mainchi, n'kulowa nazo m'dziko lomwe sukulu, sitolo ndi maofesi zimayankhula masentimita okhaokha.

Ndisaname, sanali mmisiri woti n'kumutchula pagulu. Makani anali ochuluka kuposa luso. Tepi yawo yoyezera inali ndi mbali ziwiri monga zilili zonse za kuno kumalire, mainchi m'mwamba, masentimita m'munsi, koma iwo poyeza ankaphimba mbali ya m'munsiyo ndi chala chachikulu ngati ndi chinthu cholaula. Ankati ndi timizere ta nyerere. Munthu akabwera ndi muyezo wa masentimita ankausandutsa mainchi m'mutu mwawo, zotsalira n'kutaya kapena kuwonjezera momwe zawakomera. Chaka china anapatsidwa ntchito yokhoma zitseko za sukulu ina ya kumudzi. Mphuthu zake zinali za masentimita 80, iwo anati ndiye kuti mainchi 32, ndipo zitseko zonse zinakana kulowa. Anakhala panja akupala m'mbali mwa chitseko chimodzichimodzi, ana akuwaseka pazenera, ine mwana wawo ndili m'kalasi momwemo nditabisa nkhope m'kope. Madzulo anafika kunyumba akutukwana womanga.

Ine ndimasoka zovala, ndiye chisokonezo chimenechi ndimadya nacho tsiku ndi tsiku. Nsalu ndimagula ku Ulongwe pa mamita, amayi a kutsidya akabwera amanditchulira mayadi, chiuno ndimayeza m'mainchi poti ndi momwe ndinaphunzirira. Malata wina akuti ndi a mafiti khumi, wina akuti ndi a mamita atatu, onse n'kugwirizana kuti ndi chimodzimodzi, mvula n'kudzawauza kuti ananamizana. Kuno tonse timati fiti imodzi ndi masentimita 30, ndipo kanusu kotsalako timakataya poti n'kotopetsa kuwerenga. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma ife kuvumbwako tinakuzolowera. Pa nsalu sizipweteka kwenikweni. Diresi likathina umangomasula msoko.

Chomwe ababa ankadana nacho kwambiri pa zaka za ku Malawi sichinali njala kapena kutchedwa othawa kwawo. Chinali kagonedwe. Kamsasa komwe tinkakhalamo kanali kakafupi, ndipo tikalowamo tonse, amayi, alongo anga awiri ndi ine, iwo ankagona chopinda, mawondo ali pachifuwa. Akati atambasule, mapazi ankatulukira panja pa mame, ndipo kuzizira kwa m'mapiri muno sikuseka ndi munthu. Anagona choncho mpaka nkhondo kutha. Titabwerera, chinthu choyamba chomwe anakhoma, tisanakhale ndi mpando ngakhale umodzi, chinali bedi la mafiti asanu ndi awiri. Analikhomera pabwalo, ndipo litakana kulowa pakhomo analiphwasulanso akung'ung'udza. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

Amayi atatisiya, ababa anapita ku Dedza kukagula matabwa aatali a paini. Anawapala bwinobwino n'kuwasanjika pamitanda ya denga la nyumba yawo, ndipo ntchito ya matabwawo sanabisire munthu. Chaka chomwe anadwala ndinasamukira kwawo kuti ndiziwadwazika, makina anga osokera n'kuwaika pakhonde. Tsiku lina ndikuwatikita miyendo anandilozera kudenga.

"Waaona matabwa awo?"

"Ndimaaona tsiku lililonse, ababa. Makoswe amachitirapo mpikisano."

"Ine ndidagona chopinda m'dziko la eni, osadandaula poti kudali kwa eni. Kuno n'kwathu. Tsiku langa likadzakwana mudzandigoneke chowongoka. Sindikupempha kwaya, sindikupempha ng'ombe. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Mawu omwewa anawauzanso alongo anga onse awiri, ine ndili pomwepo. Achimwene aakulu, omwe anatengera ukalipentala wa ababa pamodzi ndi mainchi ake, anavomera ndi mutu. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe anaphunzira sukulu ya kuno ndipo amagwira ntchito muofesi ku Ulongwe, anati ababa asamayankhule za imfa, n'kutuluka kukayankha foni.

Anamwalira m'mawa wina mvula ili pachimake, mbatata m'minda zili maluwa. Kwathu maliro akagwa, ntchito ya thupi ndi ya manda imakhala ya adzukulu, anthu a mudzi woyandikana nawo omwe timaikirana nawo maliro. Ndiwo amasambitsa, kukumba ndi kunyamula, ndipo ali ndi ufulu wochita nthabwala pakati pa misozi kuti anamfedwa apumeko. Iwo sayenda ndi tepi. Amadula mabango awiri kudambo, kuwagoneka pambali pa womwalirayo, n'kuwadula mofanana, kupyola pang'ono mapazi. Limodzi limapita kumanda, lina kwa wokhoma bokosi. Tsiku limenelo anachita momwemo, ine ndikuona, ndili pamphasa pafupi ndi mutu wa ababa. Bango loyamba anatenga okha kuti adzakumbire manda m'mawa mwake. Lachiwiri anapereka kwa achimwene, ndipo iwo analitsamiritsa pakhoma kuseri kwa chitseko.

Ndinkayembekeza kumva matabwa akutsitsidwa. M'malo mwake ndinamva achimwene akukuwa pafoni pakhonde, akuyankhula ndi wamng'ono uja yemwe anali adakali ku Ulongwe. Iye anali atanena kuti anzake a kuofesi akubwera kumaliro, ndipo bambo ake sangapite m'bokosi la matabwa osapaka kanthu ngati munthu wopanda ana. Ku Ulongwe kuli mabokosi okhomakhoma, onyezimira, a zogwirira ndi kagalasi koonerapo nkhope. Achimwene anavomera msanga. Mwina manja awo sakanatha kukhomera bambo wawo bokosi, zimenezo ndikhoza kuzimvetsa. Koma kukweza bango mu chapa, timabasi tathu ta kuno, kuti likafike ku Ulongwe anakuona ngati zachikale, foni ili m'manja. Analowa m'nyumba ndi tepi ya ababa, kuitambasula pambali pa thupi, n'kuwerenga mbali ya m'mwamba monga anaphunzitsidwira.

"Sikisi fiti," ndinawamva atabwerera pakhonde. "Pali kainchi kamodzi pamwamba koma ako kasiye. Sikisi basi."

Atalowanso ndinawagwira mwendo wa buluku.

"Achimwene, nanga matabwa aja?"

"Chemwali, iwe lira. Za mabokosi tisiyire amunafe."

Zomwe zinachitika ku Ulongwe ndinadzazimva pambuyo pake. Mlongo wanga mafiti sawadziwa, ndiye anachita zomwe tonse timachita: asanu ndi limodzi kuchulukitsa ndi 30, n'kupeza mita imodzi ndi masentimita 80. Anapita kwa wogulitsa mabokosi n'kutchula muyezowo. Wogulitsayo anakoka tepi pamwamba pa bokosi lina kuchokera nsonga iyi kukafika nsonga inayo, zinakwana ndendende, n'kugwirana chanza. Palibe anafunsa kuti matabwa a kumutu ndi kumapazi ndi okhuthala bwanji, kapena kuti thonje ndi nsalu yoyera yomwe amakhomera m'katimo zadya malo otani. Achimwene anataya inchi, wamng'ono anataya manusu, wogulitsa anayeza kunja. Aliyense anangodyako pang'ono.

M'mawa mwake adzukulu analawirira kumanda. Anthu anadzaza pabwalo, ena ochokera ku Lifidzi, ena owoloka malire, anzawo a ababa a m'zaka za msasa. Bokosi linachedwa chifukwa galimoto inatitimira m'matope, ndipo linafika dzuwa litapendeka, kumwamba kutayamba kuda. Kunena zoona linali lokongola. Linkanyezimira moti unkatha kudzionerapo, ndipo amayi omwe anakhala pafupi nane anasiya nyimbo n'kuyamba kunong'onezana. Mlongo wanga anatsika atavala suti, anzake a kuofesi ali m'mbuyo mwake ndi maambulera.

Analilowetsa m'nyumba, kutsegula chivundikiro, adzukulu n'kunyamula ababa omwe tinali titawaveka jekete lawo la kutchalitchi. Mutu unalowa bwino. Mapewa analowa. Zidendene zinakakhala pamwamba pa thabwa la kumapazi, nsapato zikuloza kudenga komwe kunali matabwa aja. Anawakokera kumtunda, mutu unagunda thabwa. Anachotsa kapilo, sizinathandize. Anawavula nsapato n'kundipatsa ine kuti ndigwire, koma mapazi anakhalabe panja, sokisi imodzi ili ndi chigamba chomwe ndinasoka ndekha.

Mkulu wa adzukulu, mdala wina wopanda mano akutsogolo, anaimirira n'kugwira m'chiuno.

"Amunawa akana," iye anatero. "Mutu wavomera ulendo, koma miyendo ikuti ikadapalira mbatata."

Ena anaseka chapansipansi. Pamaliro a eni inenso ndikanaseka, ndi ntchito yawo imeneyo. Koma tsiku limenelo sindinaseke nawo.

Alongo anga anayambana pomwepo, pamwamba pa thupi.

"Iwe ndidakuuza sikisi fiti," anatero achimwene. "Ichi n'chiyani wabweretsachi?"

"Achimwene, sikisi fiti ndi metru imodzi ndi 80, mwana aliyense amadziwa. Kaishau ili n'la muyezo umenewo. Fita yoyezera ndidagwira ndekha."

"Udayeza kunja kapena m'kati?"

"Nanga inu mudanena za m'kati? Bwanji osayeza m'masentimetru ngati anthu? Kuno si ku Malawi."

"Mainchi omwewa ndi amene adakulipirira shikola, lero akukununkha?"

Kenaka achimwene anatulutsa tepi ija m'thumba kuti atsimikize. Wamng'ono anagwira kansonga kachitsulo n'kukakoletsa pa sokisi ya ababa, achimwene n'kukoka mpaka pamutu, tepi ikudutsa pamimba, pachibwano ndi pamphuno ngati akuyeza thabwa loti alidule. Onse anawerama, mitu kugundana, wina akuwerenga m'mwamba, wina m'munsi. Wa m'mwamba anati 73, wa m'munsi anati 185, ndipo aliyense anakweza mawu ngati wapambana mlandu, chonsecho onse ankanena munthu mmodzi yemweyo. Wina ataisiya, tepiyo inabwerera yokha mwaliwiro n'kumenya ababa patsaya. Sindinanyansidwepo ndi abale anga ngati nthawi imeneyo. Mpaka lero akakumana pa ukwati kapena pa mowa amayambiranso nkhani yomweyi, wolakwa ndani, ndipo ine ndimanyamula mpando wanga n'kukakhala kwina.

Ndinaika nsapato pansi, kupita kuseri kwa chitseko n'kutenga bango lija. Ndinaligoneka pabokosi, nsonga yake n'kutsala lendee kumapazi. Sindinkafuna kuoneka wanzeru, ndinkangofuna asiye kuwakokakoka ababa.

"Matabwa ali apo," ndinatero ndikuloza kudenga. "Adawapala okha. Achimwene, sowo ili kuseriku, misomali ili m'chitini. Tsitsani."

Amene anayankha anali mkulu wa adzukulu uja, tsopano nthabwala zitamuthera.

"Mayi, kukhoma bokosi lina ndiye kuti kutidera. Manda akakumbidwa sagona opanda mwini, mukudziwa. Ndiponso madzi ayamba kale kulowamo."

Pakhomo panali patasuzumira mmodzi wa akuluakulu a mpingo, akuloza kumwamba kuti mvula ikubwera ndipo anthu a kutali ayenera kubwerera.

"Ndiye gumulani thabwa la kumapaziko," ndinatero. "Mulumikize kachidutswa. Si ntchito yotenga nthawi imeneyo."

Mlongo wanga wamng'ono anandiyang'ana ngati ndamulavulira.

"Achemwali, mukufuna kaishau la chigamba pamaso pa ashefi anga a kuofesi? Anthu akanena chiyani ku Ulongwe?"

"Akanena kuti bambo ako adali aatali."

Amayi awiri achikulire anandigwira chitenje n'kundikokera pansi. Anati mwana wamkazi saima chilili pamaliro a bambo ake, ndisachititse manyazi mtundu. Ndinayang'ana kwa achimwene, poti iwo ndiye anavomera ndi mutu tsiku lija, ndipo misomali ndi nyundo amazidziwa. Maso awo anali pansi.

"Chemwali," anatero motsitsa mawu, "iwowa tsopano sakumva kanthu."

Pa mawu onse omwe ananenedwa tsiku limenelo, amenewa ndi omwe sindinawakhululukirebe. Ababa ankadziwa bwino lomwe kuti sadzamva kanthu. N'chifukwa chake anauza ife, omwe tidzakhale tikumva.

Adzukulu anapempha kuti azimayi ayambe atuluka. Ena onse anatuluka, ine ndinakana, ndipo palibe anali ndi mphamvu zolimbananso nane. Anaitanitsa madzi ofunda kukhitchini, kunyika nsalu n'kuiika pamawondo a ababa, pamwamba pa buluku. Thupi linali lisanafewe. Mmodzi anagwira mapewa, wina akakolo, ndipo mdala uja anaika dzanja kunsi kwa mawondo n'kukankha. Panamveka kaphokoso kakang'ono, konga ka nthambi yaiwisi ikamathyoka. Mapazi analowa. Koma tsopano mawondo anatumphuka moti chivundikiro sichikanatseka, ndiye anawapendeketsa chammbali, kuwapindanso pang'ono, n'kukanikizira jekete m'mphepete. Momwe anagonera ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Ndi momwe ndinkawaonera ndili mwana ndikadzuka mumsasa muja, ine nditatambasula miyendo yanga yaifupi pamalo omwe iwo anandisiyira.

Nsapato sizinakwanenso. Anaziika pambali pa miyendo n'kutseka.

Bokosi analitulutsa pakhonde kuti anthu aone nkhope. Pakagalasi paja ababa ankaoneka chammbali, tsaya litatsamira nsalu yoyera. Anthu ankadutsa pamzere, kuwerama, n'kumati taonani, agona bwino ngati ali m'tulo. Ambiri ankayamikira bokosi, kuti ana awa awalemekeza bambo awo. Mmodzi wa anzake a mlongo wanga analijambula ndi foni, kumbali ya zogwirira. Ine ndinapita kuseri kwa khitchini n'kusanza, ngakhale kuti m'mimba munalibe kanthu. Mayi wina anandibweretsera madzi akuti n'chisoni, chimatero. Chisoni chinalipo, koma chomwe chinandisanzitsa chinali kunyansidwa.

Kumanda tinapita mvula ikuwaza. Kwaya yomwe ababa sanapemphe inaimba njira yonse, ndipo inaimba bwino. Ulaliki unafupikitsidwa. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, awiri ali pansi kulilandira kuti likhale bwino m'malo omwe amasema pansi penipeni pa dzenje, molingana ndi bango. Atatuluka, akuluakulu a mpingo anaitana ana a malemu kuti tiponye dothi. Achimwene anaponya, linagunda chivundikiro n'kumveka. Wamng'ono anaponya, linamvekanso. Kenaka anandigwira mkono n'kundifikitsa m'mphepete.

Ndinasuzumira. Bokosi linali litakhala bwino, kumutu litagunda khoma la dothi. Kumapazi kunatsala mpata woposa chikhatho changa, wosemedwa mosalala, madzi a mvula atayamba kudikhamo. Adzukulu anali atawakumbira ababa malo okwanira kutambasula miyendo. Dothi langa ndinaliponya pampata pomwepo, ndipo silinagunde thabwa.